MBIRI YA SEWERO LA M'PHANGA

Owerenga athu ambiri aonapo ana ndi anyamata ali cete pakhonde, maso ali pa foni, zala ziri kuthamanga, ndipo powaitana sayankha. Akuru ena ayesa masewera amenewa cinthu ca dzulodzulo, copanda mwini ndi copanda mbiri, cimene cinangotigwera ngati dzombe. Ife tifuna kulongosola mwezi uno ciyambi ca mtundu umodzi wa masewerawa, umene eni ace aucha Adventure, ndiko kunena ulendo wa zoopsya, m'mene wosewera ayenda m'dziko lopeka, natola zinthu, namasula zirapi, kufikira atapeza cuma. Sitinena za masewera a mpira kapena a kuomberana mfuti; amenewo ali ndi mbiri yao. Mbiri ya amene tinena pano iyamba kutali ndi makina onse, m'phanga la mdima, ndi mnyamata kapolo wonyamula nyali.

M'dziko la America, m'cigawo ca Kentucky, muli phanga lochedwa Mammoth Cave, limene liposa m'utali mapanga onse odziwika pa dziko lapansi. Pansi pa dzikolo pali mwala wa njereza, ndipo madzi a mvula, polowa m'ming'alu zaka zosawerengeka, anadya mwalawo pang'ono pang'ono, nasiya njira, zipinda, maenje ndi mitsinje yosaona dzuwa. Njira zimene zapimidwa kufikira lero ziposa mailosi 400, ndipo opima sanafike pothera pace. Eni dziko akale analowamo ndi miuni ya bango zaka zikwi zapitazo. Pa nkhondo ya 1812 akapolo anakumbamo dothi lopangira wonga wa mfuti. Nkhondo itatha, eni phanga anaona kuti ndalama ziri m'kuonetsa alendo.

M'caka ca 1838 munthu wina dzina lace Franklin Gorin anagula phangalo, nabwera ndi kapolo wace Stephen Bishop, mnyamata wa zaka ngati 17, kuti azitsogolera alendo. Nchito yace inali yongoyenda m'njira zodziwika kale, kuunikira Azungu ndi kuwabweza amoyo. Koma mnyamatayo sanakhute nazo. Njira ya alendo inalekeza pa dzenje lakuya lochedwa Bottomless Pit, ndiko kunena dzenje lopanda pansi, ndipo onse pofika pamenepo anasuzumira nabwerera. Bishop analioloka. Tsidya lija anapeza njira zambiri zosapondedwa, ndi mitsinje ya pansi pa dziko, umodzi wace ndiwo Echo River, ndi tinsomba toyera topanda maso, timene anthu ophunzira anadza kucokera kutali kudzationa. M'caka ca 1839 Gorin anagulitsa phanga kwa sing'anga wa ku Louisville, John Croghan, ndipo Bishop anagulitsidwa pamodzi nalo, monga nyali ndi zingwe.

M'caka ca 1842 Bishop anakhala pansi ku nyumba ya mbuye wace, kutali ndi phanga, nalemba mapu a njira zimene anazidziwa, mailosi ngati 10, osayang'ana kanthu koma za m'mutu mwace. Mapuwo anasindikizidwa m'buku m'caka ca 1845, dzina lace liri pomwepo, cinthu cosacitika kawirikawiri kwa kapolo masiku aja, ndipo anthu anayenda nao zaka ngati 40. Ife amene tayesa kuphunzitsa ana kulemba mapu a mudzi wao womwe, umene auona tsiku ndi tsiku kunja kuli mbee, tidziwa kubvuta kwa nchito imeneyi: mwana aika kum'mawa citsime cimene ciri kumadzulo, nalimbikira kuti sanalakwe. Nanga kusunga m'mutu njira za mumdima, zina pamwamba pa zinzace, zopotana ngati matumbo a mbuzi? Croghan anamwalira m'caka ca 1849, atalemba kuti akapolo ace amasulidwe zitapita zaka 7. Bishop analandira ufulu m'caka ca 1856, namwalira m'caka ca 1857. Mwala wa pa manda ace anaugula mlendo wina wacifundo zitapita zaka zambiri. Unali mwala wosemedwera msilikali wina, ndipo caka ca imfa analembapo 1859, molakwa.

Tsono tilumphe zaka 130. Pafupi ndi Mammoth Cave, kutsidya kwa cigwa, pali mtunda wina wochedwa Flint Ridge, ndipo pansi pace pali mapanga enanso aatali, limodzi la iwo ndilo Colossal Cave. Anthu a gulu lochedwa Cave Research Foundation anakhulupira kuti mapanga a mitunda iwiriyi akomana pena pace pansi pa cigwa, nakhala zaka zambiri ali kufunafuna pokomanapo. Sanali olembedwa nchito iai. Anali anthu a nchito zina, amene anataya masiku ao opumula kukwawa m'matope cifukwa ca kukonda kokha. Kupima kwao kunali kotere: wina agwira cingwe copimira, wina awerenga kampasi, wina alemba ziwerengero m'kabuku, ndipo pobwerera kwao ziwerengero zija zisandulizidwe mapu. M'gulumo munali mwamuna ndi mkazi wace, Will Crowther ndi Patricia Crowther, a ku Massachusetts, onse awiri ophunzira pa sukulu yaikuru ya MIT ndi odziwa kompyuta. Iwo anaika m'nyumba mwao makina olembera, olumikizidwa ndi waya wa lamya ku kompyuta ya kutali, ndipo madzulo analowetsamo ziwerengero za m'timabuku tamatope tija, kompyuta nijambula mapu.

M'caka ca 1972 opima anafika pa mpata wina wopapatiza ndithu. Patricia Crowther, munthu wocepa thupi, wolemera mapaundi 115, anadzipanikiza napyola yekha, napeza kuti njira ipitirira. Pa ulendo wina wotsatira, iye ndi anzace anaona pa khoma dzina lolembedwa, Pete H., ndi mubvi wolozera njira. Ameneyo anali Pete Hanson, wotsogolera alendo wa ku Mammoth Cave, amene anafa pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. Ndipo pamenepo anazindikira kuti munthu wa tsidya lija anapondapo kale. Pa 9 September, 1972, anthu 6 otsogozedwa ndi John Wilcox, Patricia ali mmodzi wa iwo, analowa ku Flint Ridge, nayenda ndi kukwawa maora ambiri, natsata kamtsinje m'madzi momwemo. Ndipo Wilcox, ali patsogolo, anaona m'kuunika kwa nyali yace cinthu coongoka cimene madzi sangapange: citsulo cogwirira alendo. Anali ataturukira ku Echo River, mtsinje wa Bishop. Mapanga awiri anakhala limodzi, la mailosi 144. Ndipo poyang'ananso mapu akale aja a 1845, anaona kuti kanjira kamene anaturukirako kapolo uja anali atakalemba kale.

Will Crowther sanali nao pa ulendo umenewo, koma nayenso anali wokwawa wodziwika, ndipo anadziwa bwino cigawo ca Colossal Cave cochedwa Bedquilt, cimene anacipima ndi anzace nacilembera mapu. Nchito yace ya malipiro inali pa kampani ya Bolt Beranek and Newman, kumene m'caka ca 1969 iye ndi anzace owerengeka analemba malangizo a makina oyamba olumikiza makompyuta a m'mizinda yotalikirana. Ukonde umenewo unachedwa ARPANET, ndiwo kholo la intaneti ya lero. Owerenga asayese kuti kompyuta ya masiku aja inali yolowa m'thumba. Imene Crowther analembapo sewero lace, yochedwa PDP-10, inali ngati makabati angapo oimikidwa pamodzi m'cipinda cacecace, ya mtengo woti munthu wamba sakanailota, ndipo anthu ambiri anaigwiritsa nchito nthawi imodzi, yense pa makina ace olembera. Munthu analemba mau, kompyuta niyankha mau.

Pa phanga ndi kompyuta panaonjezeka cinthu cacitatu. M'caka ca 1974 kunaturuka sewero la pa tebulo lochedwa Dungeons & Dragons, limene Crowther anasewera ndi anzace madzulo. Tilifanizire ndi nthano zathu za pamoto, koma ndi kusiyana kumodzi. Pa nthano yathu wokamba ndiye mwini zonse, omvera angobvomera kuti ali naye pamodzi, ndipo Kalulu acita zimene wokamba afuna. Pa sewero lija womvera ali yense atenga munthu mmodzi wa m'nthanomo akhale wace. Wokamba anena, Mwafika pa khomo lotseka, mucita ciani? ndipo nthano ipita kumene omvera aipititsa. Crowther anasankha kukhala mbala, dzina lace Willie.

Capafupi ndi caka ca 1975 ukwati wa a Crowther unatha. Sitidzalowa m'mlandu umenewo, pakuti za m'nyumba adziwa ndi eni. Koma zotsatira zace ziri m'mbiri yathu. Ana ao awiri aakazi, akali aang'ono, sanakhalenso ndi atate wao masiku onse, ndipo iye mwini ananena pambuyo pace kuti anawasowa. Kumapanga analekanso kupita, popeza gulu lija linali la onse awiri, ndipo kukomana kumeneko kunali kobvuta. Munthuyo anatsala wopanda ana pakhomo ndi wopanda phanga. Pamenepo, m'masiku opumula a 1975 ndi 1976, anayamba kumanga phanga lace la Bedquilt m'kati mwa kompyuta, ndi mau okhaokha, kuti ana ace pobwera kudzaceza akhale ndi cocita naye pamodzi. Ndipo popeza anafuna kuti mwana kapena munthu wosadziwa makina asaope, anakonza kuti wosewera azilankhula ndi kompyuta m'cinenero ca anthu, mau awiri okha pa nthawi: tenga nyali, pita kumwera, tsegula citseko.

Sewero liyamba motere. Kompyuta ikuuzani kuti muli kumapeto kwa mseu, pafupi ndi kanyumba ka njerwa, m'nkhalango, ndipo kamtsinje katuruka m'kanyumbamo. Mukalowa mupeza makiyi, nyali, cakudya ndi botolo la madzi. Mukatsata kamtsinje mufika pa citseko ca zitsulo cokhoma, ciri pansi. Mutsegula ndi makiyi, nimutsika, nimukwawa pa miyala, ndipo kuunika kwa kunja kutha. Mukayenda mumdima osayatsa nyali mugwa m'dzenje. M'njira mupeza cikwere ca mbalame, patsogolo pace ndodo yakuda, ndi patsogolonso kambalame kali kuimba m'cipinda ca miyala yofiirira ngati lalanje. Mwacibadwa munthu atola zonse zimene apeza. Koma mukafuna kugwira kambalameko, kompyuta iti kanali kosaopa poyamba, koma tsopano kabvutika, ndipo simungakagwire. Ambiri anakakamira pamenepa nthawi yaitali. Cinsinsi cace ncakuti kambalame kaopa ndodo. Muisiye pansi, ndipo kalowa m'cikwere. Kunsi kwace, m'cipinda cacikuru, njoka yobiriwira yatseka njira, ndipo simungaiphe ndi kanthu kali konse. Mutsegule cikwere, kambalame kaithamangitsa. Ndodo ija nayonso iri ndi nchito yace, pakuti mukaigwedeza pamphepete pa phompho, ulalo uoneka.

Ife tiyesa kuti cirapi ca mbalame ndi ndodo ndico cinaphunzitsa odza pambuyo mapangidwe a sewero labwino. Cirapi cabwino, monga adziwa agogo ali onse, ndi cimene womvera akalephera nauzidwa tanthauzo lace, adzimenya pa ncafu nati, Ha, cinali pamaso panga! Coipa ndi cimene munthu sakanacimasula ngakhale ataganiza caka cathunthu. Crowther sanabisa cizindikiro: ananena kuti mbalame inali yosaopa, ndipo wosewera wofatsa adzifunsa kuti, Nanga cimene candisintha nciani? M'phangamo munalinso tianthu tatifupi toponya nkhwangwa ndi mipeni, timene owerenga angatifanizire ndi Akafula a m'mbiri zathu. Ndi liu lamatsenga lolembedwa pa khoma, XYZZY, limene libwezera munthu ku kanyumba kaja m'kamphindi. Munali cigawo cina ca tinjira topotoka, zipinda zace zonse zofotokozedwa ndi mau amodzimodzi, kotero kuti munthu sadziwa ngati wayenda kapena wabwerera pamene anali. Osewera anapeza okha mankhwala ace: kusiya cinthu cimodzi m'cipinda ciri conse, muno botolo, umo makiyi, monga apaulendo atseka njira ndi masamba pa mphambano kuti otsalira asasocere. Ndipo pambali pa makina wosewera anakhala ndi pepala ndi pensulo, ali kulemba mapu a malo amene sanawaone ndi maso.

Wina angafunse kuti makina adziwa bwanji phanga. Sadziwa kanthu. Crowther analemba mizere ngati 700 ya malangizo m'cinenero ca makina cochedwa FORTRAN, ndi mizere ina ngati 700 ya ndandanda. Ndandanda imodzi ipatsa cipinda ciri conse nambala ndi mau ocifotokoza. Ina inena kuti wocoka m'cipinda cakuti, akachula liu lakuti, afika m'cipinda cakuti. Inanso ndiyo ya mau onse amene kompyuta iwazindikira, osafika 200, ndipo pa liu liri lonse inawerenga zilembo 5 zoyamba zokha. Pamodzi ndi izi isunga pamene pali cinthu ciri conse: nyali iri m'manja, ndodo iri m'cipinda cakuti, njoka ikalipo kapena yacoka. Palibe cina. Mdima, kuzizira ndi mantha ziri m'mutu mwa wosewera, monga mkango wa m'nthano uli m'mutu mwa mwana womvera.

Crowther sanamalize sewero lace. Linali ndi cuma ca mitundu 5, ndipo njira zina sizinafike kuli konse. Ana ace anasewera. Iye analisiya pa kompyuta ya ku nchito, ndipo anzace analipeza, nalitenga, ndipo linayenda pa ukonde uja umene iye mwini anathandiza kuluka. Kenaka anasamukira ku California. Kuciyambi kwa 1977 wophunzira wina wa pa Stanford, Don Woods, analipeza pa kompyuta ya kumeneko, nalikonda, nafuna kulikonza ndi kulikuza. Koma pa sewerolo panali dzina lokha la mwini, osanena kumene akhala. Woods anacita cimene lero sicingatheke: anatumiza kalata kwa Crowther pa kompyuta iri yonse ya pa ukondewo, pakuti masiku aja makompyutawo anali owerengeka. Makalata ambiri anabwerera cabe. Imodzi inampeza mwini. Crowther anamtumizira malangizo onse osafuna ndalama, napempha cimodzi cokha, kuti Woods amtumizire zimene adzaonjeza.

Woods sanali munthu wa mapanga, cotero zoonjeza zace zinacokera ku nthano. Anaikamo phiri la moto, limene m'phanga la njereza silingakhalemo. Cimunthu colonda pa ulalo, cosalola munthu kuoloka asanalipe. Cimbalangondo cofatsa cikadya. Ndi wacifwamba wolanda cuma nakacibisa. Cuma cinafika mitundu 15, ndipo anaika malikisi 350 monga pa mayeso, kuti munthu adziwe ngati watsiriza. Nyali nayo anaipatsa malire, kuti izima munthu akacedwa. Cirapi cace cochuka ndi ca cinjoka cogona pa mkeka wa mtengo wapatali. Mukanena kuti ipha cinjoka, kompyuta ifunsa monyoza ngati mufuna kucipha ndi manja anu okha. Anthu anayesa nkhwangwa, nayesa mbalame ija, mbalame nipsya. Coyenera cinali kungobvomera kuti inde. Ife sitidziwa ngati ticiche cirapi cabwino kapena cinyengo, koma tibvomera kuti tinaseka. Woods anagawa sewero lokonzedwalo kwaulere m'caka ca 1977, ndipo linafala m'masukulu akuru ndi m'makampani ngati moto wa lupsya, kotero kuti anthu anaseka nati linacedwetsa nchito ya makompyuta sabata ziwiri.

Ife tinayesa zimenezi pa sukulu yathu popanda makina ali onse, tsiku lina mvula itatitsekera m'kalasi. Ana analemba zipinda 12 m'kope, mnyamata mmodzi nakhala kompyuta, ndi lamulo lakuti asayankhe kanthu kosalembedwa m'kopemo. Kupeka zirombo ndi cuma sikunawabvute konse. Amene anawagwetsa ndi mtsikana wina amene, pofika pa njoka yao, sananene ipha njoka monga anayembekeza olemba, koma anati, Pempha njoka. Kompyuta wathu anayang'ana m'kope, nayang'ana ife, nati, Palibe. Pamenepo tinaona kuti cobvuta kwa wopanga sewero lotere ndico kuganiziratu zimene munthu wina, wa mtima wina, adzafuna kucita.

Bvuto lomwelo ndilo analimbana nalo anyamata anai a pa MIT, Tim Anderson, Marc Blank, Bruce Daniels ndi Dave Lebling. Atatsiriza sewero la Woods, anayamba lao m'caka comweco ca 1977, nalicha Zork. Ndipo kompyuta yao sinalekeze pa mau awiri, koma inamva ciganizo cathunthu, monga cakuti ika nyali ndi lupanga m'bokosi. M'caka ca 1979 ena a iwo ndi anzao anakhazika kampani ya Infocom, nayamba kuligulitsa m'caka ca 1980. Wina, Scott Adams, anali atapanikiza kale sewero lace, Adventureland, m'kompyuta yaing'ono ya m'nyumba m'caka ca 1978, naligulitsa pa makaseti.

Zithunzi zinadza ndi mkazi. Roberta Williams wa ku California anali mai wa pakhomo wolera ana. Mwamuna wace Ken anabwera ndi makina olembera a ku nchito, ndipo iye anasewerapo phanga la Crowther ndi Woods kufikira analitsiriza. Posowa ena okwanira a mtunduwo, anakhala pa tebulo la m'nyumba mwace napeka lace, la nyumba m'mene anthu aphedwa mmodzimmodzi, najambula zipinda zace. Mwamunayo analemba malangizo. Mystery House linaturuka m'caka ca 1980 ndi zithunzi ngati 70 za mizere yokha, zonga zojambula mwana pa sileti; analiika m'timatumba ta pulasitiki, naligulitsa okha, ndipo anagulitsa oposa 10,000. Kampani yao inakula nichedwa Sierra On-Line, ndipo m'caka ca 1984 anaturutsa King's Quest, m'mene munthu wa m'sewero aoneka ali kuyenda. Crowther ndi Woods, eni ciyambi, sanalemere nalo sewero lao.

Malonda a masewera a mau okhaokha sanakhalitse. Ogula anatsata zithunzi ndi liwiro. Infocom inagulidwa ndi kampani ina m'caka ca 1986, nitsekedwa m'caka ca 1989. Koma amalonda atacoka okonda anatsala, ndipo cinawathandiza ndi zipangizo zolola munthu wosadziwa cinenero ca makina kumanga sewero lace. M'caka ca 1983 kampani yaing'ono ya ku Wales, Gilsoft, inagulitsa pulogalamu ya Graeme Yeandle yochedwa The Quill, m'mene munthu angodzaza ndandanda zija tanena, ya zipinda, ya njira, ya mau ndi ya zinthu. Ndipo ku Britain anthu wamba anapanga nayo masewera mazana m'zipinda zao zogona. M'caka ca 1993 Graham Nelson, mphunzitsi wa masamu ku Oxford, anagawa kwaulere cinenero cochedwa Inform. Kuyambira m'caka ca 1995 pakhala mpikisano wa caka ndi caka wa masewera a mau, opangidwa ndi anthu m'nthawi yao yopumula naweruzidwa ndi osewera anzao. Adventure Game Studio ya Chris Jones, ya masewera a zithunzi, inadza m'caka ca 1997, ndi Twine ya Chris Klimas m'caka ca 2009. Sitikana kuti ambiri a masewerawa ali osakoma, monga nthano zambiri zokambidwa pamoto ziri zosakoma; koma opanga ace acita monga anacita Crowther, kugwira nchito madzulo ndi kupatsa anzao osawerengera mtengo.

Kwa zaka ngati 30 sewero loyamba la Crowther, lisanakhudzidwe ndi Woods, linayesedwa lotayika. Popeza panalibe coonera, anthu anakamba zimene anafuna, ndipo mbiri inafala yakuti Crowther anangolemba mapu a phanga opanda nthano, ndi kuti matsenga ndi zirapi anaziika ndi Woods. M'caka ca 2005 anthu a ku Stanford anafufuza m'zosungira zakale za nchito za ophunzira, napeza m'malo a Woods zolemba za mwezi wa March 1977, zina za izo monga anazisiya Crowther. Mphunzitsi wina wa mabuku, Dennis Jerz, amene anafunafuna mbiri imeneyi, anazisanthula, nasindikiza zimene anapeza m'caka ca 2007. Mbalame, njoka, ndodo, tianthu toponya nkhwangwa, tinjira topotoka ndi liu lija XYZZY, zonsezi zinalimo kale. Zinali za tate uja wolembera ana ace.

Okwawa m'mapanga akamba za mkazi wina amene, polowa ku Bedquilt nthawi yoyamba, anadziwa njira kuposa oyembekezeka kumtsogolera, cifukwa anali atasewera sewerolo. Jerz nayenso sanakhute ndi mapepala okha. Anapita ku Kentucky, nalowa m'phanga lenileni pamodzi ndi anthu a Cave Research Foundation, ali ndi mau a Crowther m'mutu. Anapeza khomo lotsekedwa ndi zitsulo, nakwawa pa miyala m'njira yofupika, napyola m'cipinda ca matope ndi zinyalala zobwera ndi madzi, nafika m'cipinda ca miyala yofiirira ngati lalanje, zonse m'ndondomeko imene sewero linena. Mbalame yokha ndiyo munalibe.